Mutu 6: Goodness Agwira Chiwongolero

1. Yatala ndi Yafumbi

Kuseri kwa msika wa pa Kasungu Boma, pakati pa kanyumba ka ometa tsitsi ndi benchi ya otchaja mafoni, padali kachipinda ka Patrick. Mnyamatayu adakhalako ku Joni zaka zitatu. Anzake pobwerera adabwera ndi njinga zamoto, koma iye adabwera ndi kompyuta, chiwongolero chapulasitiki chomangirira patebulo, ndi mapedulo atatu oika pansi. Mpando adachita kuzula m'minibasi yakufa.

Lamulo la pamalopo lidali limodzi: wopambana sachoka pampando. N'chifukwa chake ana asukulu ankati mpandowo ndi wa Goodness Mphepo.

Goodness adali mtsikana wa Fomu 3. Kwawo kudali kwa Lukwa, koma masiku a sukulu ankakhala kwa azakhali ake pa Boma. Akaweruka ankathamangira kwa Patrick, chikwama chili kumsana. Anyamata a Fomu 4 ankalowa ndi matama kuti lero timutsitsa, koma ankatuluka ali zyoli.

M'kompyutamo mudali magemu awiri a mpikisano wa magalimoto. Maina ake a Chingerezi palibe ankavutika nawo. Ina ankaitcha Yatala, chifukwa misewu yake idali yosalala ngati galasi. Inayo ankaitcha Yafumbi, chifukwa galimoto inkadutsa m'miyala, m'matope ndi m'nkhalango.

Lachinayi lina la mu Disembala, Goodness ndi mnzake Dorika adayambana pa magemu omwewa.

"Yatala ndiyo yeniyeni," adatero Dorika. "Taona mmene ikunyezimira galimotoyo. Mpaka mitambo ikuoneka pagalasi!"

"Kunyezimira si kuyenda," adayankha Goodness, maso ali pa kompyuta. "Mu Yatala ukhoza kulowa pakona uli pa liwiro lonse, n'kuponda buleki pakati penipeni, galimoto n'kukhota ngati yamatidwa ndi ulimbo. Ukagunda khoma imangoti khu, n'kupitirira. Galimoto yake iti?"

"Nanga Yafumbiyo? Munthu ukungoyamba, uli kale m'tchire."

"Ndiye zoona zakezo. Mu Yafumbi chiwongolero chimanjenjemera m'manja ukalowa m'miyala. Ukafika pamatope chimapepuka, ndiye kuti matayala asiya kugwira pansi. Ukaponda buleki mwamantha, umakhota iwe wekha, galimoto ikupita chamtsogolo. Matako ake akaterereka kumanzere, nawenso umapotoza kumanzere mpaka iwongoke. Amene wadziwa Yafumbi wadziwa kuyendetsa."

"Kuyendetsa galimoto yeniyeni?"

"Yeniyeni. Atandipatsa makiyi lero lomwe, ndikhoza kukutula pa Chinkhoma."

Ana onse adaseka, ena kuwomba m'manja. Pakhomo padamveka chifuwa cha munthu wamkulu.

2. Amalume aweruza

Adali amalume ake a Goodness, a Ernest. Iwowa ankayendetsa pikapu ya kalabu ya alimi ya kumudzi kwawo, imene alimiwo adasonkherana chaka china fodya atayenda bwino ku okushoni. Adabwera pa Boma kudzakhala pamzere wa feteleza wa makuponi, ndipo azakhali adawauza kumene angampeze mwanayo.

"Ndiye iwe ndiwe dalaivala wa mpaka pa Chinkhoma?" adafunsa.

Goodness adaimirira mwamanyazi, koma Patrick adalowererapo. "Bambo, inu ndinu a ntchito imeneyi. Takhalani pampandopa mutiweruzire. Ndi gemu iti imene ikunena zoona?"

A Ernest adavula chipewa, n'kukhala. Adayamba ndi Yatala. Ankayendetsa modekha ngati anyamula mazira, magalimoto ena onse akuwapitirira. Ana adayamba kutsinana. Atafika pakona yaikulu adaponda moto dala, kenaka buleki mwamphamvu. Galimoto idakhota bwinobwino.

"Bodza," adatero. "Ikani inayo."

Mu Yafumbi adagwera m'tchire pakona yachiwiri. Adayambiranso. Ulendo uno adatsitsa giya asanafike pakona, adaleka kuponda buleki, ndipo galimoto idadutsa ikugwedeza matako pang'ono. Adayendetsa mpaka kumapeto. Kenaka adapukuta manja pabuluku n'kutembenukira kwa anawo.

"Wamisiri amene adapanga iyi yachiwiriyi adakwerapo galimoto. Ndavomera. Matope ake ndi matope, miyala yake ndi miyala. Goodness sadaname pamenepo. Koma mundimvetse bwino, ana inu. Yoyamba ija siingapweteke munthu, chifukwa bodza lake ngakhale mwana aliona. Yoopsa ndi iyi. Ikukuuzani zoona zisanu ndi zinayi, n'kubisa zitatu, ndipo zobisikazo ndizo zimapha.

"Galimoto sitimva ndi manja okha. Timaimva ndi msana, timaimva ndi pokhalira pathupa. Isanaterereke imayamba yakunong'oneza kudzera mumpando. Mpando uwu uli phee pasimenti, ukuuzani chiyani? Chachiwiri, galimoto ya m'kanemamu ilibe katundu. Ine ndikanyamula matumba, pikapu imasanduka ina. Kumtunda imakana, kumtsetse imandikankha ngati ng'ombe yolusa ili kumbuyo kwanga. Buleki amene amaimitsa pikapu yopanda kanthu pa mapazi khumi, ikalemedwa amafuna makumi atatu. Chachitatu, muno mukagwa mumadina batani n'kuyambiranso. Ine zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pamsewu, batani limenelo sindidalione.

"Sewerani, si tchimo. Manja anu akuchenjera. Koma amene afuna kuyendetsa adikire msinkhu, apite kusukulu yake, akhale pambali pa munthu wodziwa. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo."

A Ernest adavala chipewa n'kumuuza Goodness kuti ngati akufuna kukaona amayi ake, mawa akaweruka awapeze kudepoti.

Atangotuluka, Dorika adamugunda mnzake ndi chigongono. "Wamva?"

"Ndamva kuti Yafumbi ndiyo yoona," adatero Goodness, n'kukhalanso pampando. "Komanso iwowo agwa pakona yachiwiri. Ine ndidagwapo liti?"

3. Matumba khumi ndi asanu ndi atatu

Lachisanu masana pikapu idanyamuka pa Boma itabwata ndi kulemera. Kumbuyo kudali matumba khumi ndi asanu ndi atatu, ena a feteleza wokulitsa, ena a yuleya wobereketsa. Thumba lililonse lidalembedwa dzina la mwini wake ndi makala.

Alimi ena adatsalira pamzere, ena adatsogola panjinga. Amene adakwera nawo adali mayi Lefina okha. Mayiwa adachokera ku Phalombe kalekale, kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya. Amuna awo atamwalira adapatsidwa kamunda kwa Lukwa, ndipo ankalima okha chimanga ndi kafodya pang'ono. Chaka chimenechi n'koyamba dzina lawo kutuluka pa mndandanda wa makuponi.

"Mayi, khalani kutsogolo kuno. Mwanayu akwera kumbuyo," adatero a Ernest.

"Ayi, bambo. Zaka zinayi ndakhala ndikuwaona matumbawa pamitu pa anzanga. Lero ndikhala nawo pafupi."

Adakwera pamwamba pa katunduyo, n'kukhalira matumba awo awiri, miyendo atatambasula.

Atasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, adapeza kuti mvula idagwa m'mamawa. Dothi lofiira lija lidali litasanduka phala. M'minda anthu adali kalikiriki kuwokera fodya, mbande zili m'mabeseni. Goodness ankayang'anitsitsa manja ndi mapazi a amalume ake. Zonse zimene ankachita, iye ankazidziwa maina ake.

Patsogolo padali mtsetse wotsikira kudambo, ndipo kuseri kwa kona kudali kamlatho kamitengo. A Ernest adaimitsa pikapu pamwamba pa mtsetsewo. Adakoka handibuleki, adatsika, n'kuika mwala kutayala.

"Ndikaone kaye ngati madzi sadakokolole mlatho. Musatsike, ndikubwera."

Adatsetsereka wapansi mpaka adabisika pakona. Makiyi adawasiya pomwepo.

4. Mtsetse

Sipadapite nthawi, mphepo idasintha. Kumadzulo kudachita mdima, ndipo madontho akuluakulu adayamba kulira pa denga la pikapu. Lona imene adafunditsa katundu idali yaifupi, ndiponso yong'ambika pakati.

Mayi Lefina adagogoda pagalasi lakumbuyo. "Mwanawe, amalume ako ali kuti? Yuleya akanyowa amasungunuka ngati mchere!"

Goodness adatulutsa mutu. Chapakati pa mtsetsewo, kudzanja lamanja, padali chigafa chachikulu cha esiteti, chija amayanikamo fodya. Chidali chopanda kanthu, denga lake lalitali, khomo lake moyang'ana msewu. Kuchokera pamene adaima sipadali patali. Munthu akadaponya mwala kawiri akadafika.

"Mayi, ndikhoza kuilowetsa m'chigafamo."

"Iwe? Umatha?"

Apa Goodness akadatha kunena kuti ayi. Akadatha kuliza hutala, kapena kuthamanga kukawaitana amalume ake. Koma adati, "Ndimatha. Ndimayendetsa pafupifupi tsiku lililonse."

"Ngati umatha, fulumira mwanangu."

Adatsika n'kugubuduza mwala uja. Adakhala pampando wa dalaivala, adaponda kilachi. Idali yolimba moti adachita kudzikankha ndi msana. Adapotoza kiyi, injini idalira. Adaika giya yoyamba, n'kumasula handibuleki.

Pikapu siidadikire kuti aiuze. Idayamba yokha kutsika, phazi lake likadali pa kilachi. Poyamba pang'onopang'ono, kenaka ngati wina wakwiya kumbuyo akuikankha. Khomo la chigafa lidafika msanga kuposa mmene ankaganizira. Adaponda buleki.

Matayala adasiya kuzungulira, koma pikapu siidaime. Idatsetsereka pamatopepo ngati sopo, ndipo matako ake adayamba kupita kumanzere. Izi Goodness ankazidziwa. Adapotoza chiwongolero kumanzere monga ankachitira kwa Patrick. Koma chiwongolero cha kwa Patrick chinkatembenuka ndi zala ziwiri. Ichi chidali cholemera ngati mphero, ndipo chinkafuna kuchizunguliza kawiri konse kuti matayala amve. Asanamalize n'kamodzi komwe, tayala lakumbuyo lidagwera mungalande ya m'mbali mwa msewu.

Pikapu idapendekeka, idaima kamphindi ngati ikuganiza, kenaka idatsamira chipupa cha ngalandeyo. Injini idazima. Kumbuyo kudamveka matumba akugwa m'madzi limodzilimodzi, ndi mfuu ya munthu.

Goodness adatulukira khomo lakumtunda. Sadapweteke paliponse. Mayi Lefina adali khale m'madzi ofiira ofika m'chiuno, atagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere. Mkonowo udali utapindika pamalo posayenera kupindika. Pambali pawo thumba lidang'ambika pa chitsa, ndipo timibulu toyera tinkatengedwa ndi madzi kunka kudambo.

Mayiwo sankayang'ana mkono wawo. Ankayang'ana thumbalo. Dzina lamakala lija lidali lisanafufutike.

5. Bodza la amalume

A Ernest adafika akuthamanga, matope mpaka m'mawondo. Adayang'ana pikapu, adayang'ana mwala umene udali pambali pa msewu kumtunda kuja, kenaka adayang'ana Goodness. Adalumphira mungalande n'kuwanyamula mayi Lefina ngati mwana.

Anthu a m'minda adasiya mabeseni awo n'kukhamukira pamalopo. Ena adavuula matumba kuwalowetsa m'chigafa. Ena adathamangira ku esiteti kukapempha thirakitala. Matumba asanu ndi awiri adanyowa, ndipo atatu mwa iwo adang'ambika. Awiri a mayi Lefina, poti adali pamwamba, ndiwo adayamba kugwa.

"Zatheka bwanji, a Ernest?" adafunsa bambo wina. "Inu simudagwetsepo ngakhale nkhuku."

"Handibuleki yaphonya," adayankha a Ernest, osakweza maso. "Ndipo ine ndidaiwala kuika mwala. Kulakwa n'kwanga."

Goodness adali chilili mumvula, yunifolomu itamumatirira. Adatsegula pakamwa, koma amalume ake adamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo adatsekanso. Mayi wina adamufunditsa chitenje. "Pepa mwanawe, waopa eti? Mulungu wakupulumutsa." Chitenjecho chidamuwotcha kuposa mbama.

Mayi Lefina adapita nawo kuchipatala pa thirakitala. Za amene adayendetsa pikapu sadauze munthu.

Dzuwa lisanalowe nkhani idali itafika kale kumudzi. Wapampando wa kalabu, mayi Modester, adabwera okha kudzatenga makiyi. Adanena kuti Lamulungu akatuluka ku tchalitchi, alimi onse akumane kuti aone ngati a Ernest angapitirize ntchito.

Atachoka, Goodness adawatsatira amalume ake kuseri kwa nkhokwe.

"Amalume, ine..."

"Khala chete. Ndine ndidasiya makiyi. Ine ndakula, anditukwana n'kuiwala. Iwe uli ndi sukulu. Ikamveka kuti mwana wopanda laisensi wathyola munthu mkono, nkhaniyi siithera pamudzi pano. Wamva?"

"Ndamva."

"Usauze ngakhale amayi ako."

Tsiku limenelo Goodness sadakhudze chakudya. Amayi ake, a Enelesi, adangoti ndi mantha a ngozi.

6. Kwa mayi Lefina

Loweruka m'mawa a Enelesi adamutuma kuti akawatungire madzi mayi Lefina, amene adali atabwerako kuchipatala. Goodness adayenda njira yonse akukoka miyendo.

Adawapeza pakhonde, mkono uli m'chikhakha, atauyimika ndi nsalu yomangirira m'khosi. Pamphasa adayanika zimene zidatsala za yuleya, zitaundana ngati miyala. Sizikadadzaza ngakhale ndowa. Chapafupi padali nazale yawo ya fodya, mbande zitakula, zobiriwira, zikudikira kuzulidwa.

Goodness adagwada chapatali. "Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka. Sendera kuno, dalaivala."

Mtsikanayo adasendera, maso ali pansi. Misozi idayamba kudontha pa siketi.

"Usalire, sindidakuitanire maliro. Mkono udzapola. Feteleza wapita, madzi akatayika saoleka. Ndipo nanenso ndili ndi mbali yanga, poti ndine ndidakuuza kuti fulumira. Koma ndidakufunsa, mwanangu. Ndidati, umatha? Ukadati ayi, tikadanyowa tonse awiri n'kumaseka.

"Ndikuuze chinthu. Tili pa esiteti ina ku Santhe, ine ndi malemu amuna anga aja, chigafa cha bwana chidapsa ndi fodya yense. Adachiotcha ndi mwana wa kapitawo, ankasuta mobisala. Aliyense ankadziwa. Koma kapitawo adaloza amuna anga, ndipo mwanayo adangokhala duu. Adatithamangitsa ndi mphasa ndi mapoto basi. Patapita zaka ndidakumana naye pa msika wa pa Boma, ali bambo wandevu, ana ali pambuyo. Atandiona adasiya tomato amene ankagula, n'kulowa m'kanjira ka kuzimbudzi. Munthu wamkulu kuthawa nkhalamba! Ife tidavutika chaka chimodzi. Iye mpaka lero akadathawabe.

"Amalume ako akuganiza kuti akukuchitira chifundo. Ndi munthu wabwino, koma apa walakwitsa. Akukusenzetsa katundu amene sudzamutula. Udzapambana mayeso, udzavala nsapato zazitali, koma ukadzamva kuti a Ernest akuyenda wapansi kufuna maganyu, udzadziwa chifukwa chake. Ukadzandiona ine panjira, udzafuna kanjira kokhotera.

"Mawa kumsonkhano ine sindikayankhula. Sindine ndidagwira chiwongolero, ndiye si ine woulula. Pakamwa ndi pako. Tsopano tenga ndowayo, madzi andithera."

Goodness adatunga maulendo atatu. Adasesa pabwalo, adawazira nkhuni. Mayi Lefina sadaibwerezenso nkhaniyo.

7. Msonkhano

Lamulungu, anthu atatuluka ku tchalitchi, alimi adasonkhana m'chigafa cha kalabu. Amuna adakhala pa mitengo yoyanikira fodya imene idali pansi, amayi pamphasa. Ena adali asanavule zovala za chigwirizano. Ana sankaloledwa, koma Goodness adakhala kumbuyo kwa amayi ake ndipo palibe adamuthamangitsa.

Mayi Modester adaimirira. "Tonse tikudziwa chatisonkhanitsa. A Ernest atitumikira bwino zaka zonsezi. Koma makuponi satuluka kawiri, ndipo mnzathu wathyoka mkono nthawi yowokera. Munthu woiwala mwala lero, mawa adzaiwala buleki ali ndi ana athu kumbuyo. A Ernest, muli ndi mawu?"

A Ernest adaimirira, chipewa chili m'manja. "Ndilibe. Zimene mugamule ndilandira."

"Ndiye amene akuti makiyi apite kwa wina akweze dzanja."

Manja adayamba kukwera, limodzi, atatu, asanu ndi awiri. Goodness adayang'ana kwa mayi Lefina. Iwo adali kuyang'ana kunja, kuminda.

Goodness adaimirira.

"Khala pansi, iwe," adanong'oneza a Enelesi, akumukoka siketi.

"Amalume adaika mwala," adatero Goodness. Mawu adatuluka aang'ono, ndipo adabwereza mokweza. "Adaika mwala, adakokanso handibuleki. Ndidachotsa ndine. Ndidaliza injini ndine. Ndimafuna kulowetsa pikapu m'chigafa kuti feteleza asanyowe. Mayi Lefina adandifunsa ngati ndimatha, ndipo ndidawanamiza."

Manja aja adatsika okha.

"Udaphunzira kuti kuyendetsa?" adafunsa mayi Modester.

Ili ndilo funso limene Goodness ankaliopa kuposa onse. "Pa kompyuta. Pa gemu, kuseri kwa msika."

Mnyamata wina adaphulika kuseka, koma adadzigwira pakamwa ataona kuti akuseka yekha. A Enelesi adafunda chitenje kumutu. A Ernest adakhala pansi pang'onopang'ono, osamuyang'ana mwana wa mlongo wawo.

"Gemu!" adakuwa bambo wina amene thumba lake lidang'ambika. "Chimanga changa chifere gemu? Apite kupolisi ameneyu, ndi amalume ake omwe otinamizawo!"

Phokoso lidabuka. Ena ankati kupolisi, ena ankati ndi mwana, ena ankati makolo ake abweze matumba. Mayi Modester adamenya tebulo ndi chikhatho koma palibe adamva.

Phokosolo lidatha pamene mayi Lefina adadzuka, akudzithandiza ndi dzanja limodzi.

"Wothyoka mkono ndine, ndiye mundilole. Apolisi sadzandiwokerera fodya. Za matumba ndi za a Ernest mukambirana, inu ndinu eni kalabu. Ine pempho langa ndi limodzi. Mbande zanga zakula, zikapitirira sabata ino zikalamba pa nazale. Chikhakhachi akuti achotsa pakatha masabata asanu ndi limodzi. Mwanayu wanditengera dzanja lamanja. Andibwereke ake awiriwo. Mvula ikangogwanso, ndimufuna m'munda mwanga kuyambira m'mawa mpaka phesi lomaliza."

Anthu adang'ung'udza movomereza. Ngakhale bambo wa kupolisi uja adagwedeza mutu.

"Goodness, wamva?" adafunsa mayi Modester.

"Ndamva, ndipo ndavomera."

Apo a Enelesi adavundukula chitenje kumutu kuja. Nkhope yawo idali yonyowa. "Pepani apampando. Mwanayu mayeso a teremu akuyamba mawa lomweli, Lolemba. Aphunzitsi aakulu adanenetsa kuti wa Fomu 3 amene salemba, asadzabwerenso Januwale."

Aliyense adatembenukira kwa mayi Lefina. Iwo adangoloza ndi dzanja lawo lamoyolo kunja kwa chigafa.

Kumadzulo, pamwamba pa minda ya fodya, mitambo idali itaunjikana kale yakuda bii. Mvula ikagwa usikuwo, kuwokera kudali mawa lomwelo, tsiku la mayeso. Mphepo yozizira idalowa m'chigafamo n'kuulutsa mapepala a mayi Modester. Minibasi yomaliza yopita pa Boma inkadutsa pamphambano nthawi ya folo koloko, ndipo dzuwa lidali litapendeka.

"Chikwama chako chili chomangamanga kunyumba," adatero a Enelesi motsitsa mawu. "Ukanyamuka tsopano uipeza."

Bingu loyamba lidagunda. Goodness adali chiimire pakati pa amayi ake ndi mayi Lefina.